Adona Amene Anakana Nkhope Yawo

Nditangoyamba ntchito ya kheya, yosamalira okalamba m'nyumba zawo, a ku ejensi anandipatsa nyumba ina ku Oldbury yoti ndizipitako m'mawa uliwonse. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Smethwick, m'mbali mwa mzinda wa Birmingham, chakufupi ndi Cape Hill, m'nyumba ya lendi imene tinkagawana ndi Amalawi anzanga. Ndinali ndisanazolowere chilichonse: mabasi, kuzizira, ngakhale Chingerezi cha anthu a kuno chimene chimamveka ngati munthu akuyankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Tsiku loyambalo ndinatenga kiyi m'kabokosi ka manambala pakhomo, n'kutsegula. M'kanjira kolowera munali kamdima. Nditakweza maso ndinaona mayi wamtali, wonenepa, ataima patsinde pa masitepe, atavala diresi yobiriwira yofika pansi, akundiyang'ana ngati ndalowa ndi matope. Ndinapinda mawondo pang'ono monga tinaleredwera, n'kupereka moni m'Chingerezi changa chonse. Mayiyo anangoti duu. Ndinabwerezanso, mokwezako mawu.

Kumwamba kunamveka kuseka kwa munthu wamkulu, kuseka kothera m'chifuwa.

"Sayankha ameneyo, bab! Ndakhala naye moyo wanga wonse, sananenepo kanthu. Yatsa getsi, uzibwera kuno."

Nditayatsa ndinapeza kuti ndakhala ndikugwadira chithunzi. Chinali chopenta ndi manja pachinsalu, chachitali kuposa chitseko, chili mu feremu yokhuthala yooneka ngati golide wakuda ndi utsi. Sichikanatheka kupachikidwa pakhoma chifukwa denga linali lalifupi, ndiye chinangoimikidwa pansi, ndipo popita kukhitchini munthu unkadutsa cham'mbali ngati nkhanu. Mayi wa pachithunziyo anali ndi mikanda ya ngale m'khosi, maso otopa ngati a munthu amene akudikira kuti minibasi idzaze, ndi chibwano chosanjikizana katatu. Koma manja ake anali aang'ono, osalala, okongola, osagwirizana n'komwe ndi thupi lonselo.

Amene anasekawo ndiwo anali madala amene ndinatumidwa kukawasamalira. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi, akazi awo anamwalira kalekale, mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, ankakhala kutali ku Leeds. Mawu akuti "bab" aja poyamba anandisokoneza, ndinkayesa akundiona ngati bambo. Kenako ndinamva woyendetsa basi akutero kwa gogo wina, wogulitsa nsomba akutero kwa ine, ndiye ndinadziwa kuti ndi mmene anthu a kuno amaitanira aliyense amene sakumuda.

Madalawo anagwira ntchito pa fakitale ya mabawuti moyo wawo wonse, ndipo ankanena monyadira kuti sangajambule ngakhale dzira. Koma bambo awo ndi amene anapenta chithunzi chija, ndipo pa nthawi yawo anali mmisiri wotchuka wojambula anthu olemera. Mbiri ya bambowo ndinaimva pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse kachidutswa, ine ndikulimbana ndi masokosi olimba aja amene adokotala anawalamula kuti azivala, iwo akuyang'ana kudenga n'kumakamba.

Akuti bambowo anabadwira komweko, kudera la utsi ndi ng'anjo, ndipo ntchito yawo yoyamba inali yopenta maluwa pa mathileyi a malata onyamulira tiyi. Duwa lomwelo, m'mawa mpaka madzulo. Atatopa nalo anayamba kujambula nkhope za anzawo kunsi kwa mathileyi, ndipo thileyi ina yokhala ndi nkhope ya kapitawo inakafika patebulo la mwini fakitale. M'malo mowachotsa ntchito, bwanayo anawaitana n'kufunsa ngati angathe kujambula mkazi wake, koma mphuno ikhale yocheperako kuposa mmene inalili. Anajambula, mphuno inachepa, bwana anawalipirira sukulu ya zojambula ku Birmingham.

"Uzimvetsa, bab," ankatero madala, "anthu olemera a kuno sanali mafumu. Anali opanga misomali, mabatani, ndowa, maunyolo, zolembera. Agogo awo ankagona pafupi ndi ng'anjo. Ndalama zitabwera anamanga nyumba zikuluzikulu, koma makoma anali opanda kanthu. Anzawo a ku London anali ndi makolo pakhoma. Ndiye nawonso anafuna kukhala makolo a pakhoma, ndipo bambo anga ndi amene ankawakwezapo."

Mmisiriyo anali ndi malamulo ake. Khosi la mayi aliyense ankalitalikitsa, chiuno n'kuchichepetsa, zaka n'kuchotsapo zingapo. Mwamuna ankamugwiritsa buku limene sanaliwerengepo, kapena kumuimika pafupi ndi hatchi imene ankaiopa. Galu yekha ndiye ankajambulidwa monga analili, chifukwa galu sabweza katundu.

Ndinaseka mpaka sokosi inandipulumuka. Ndinawauza za bambo anga, amene anali ndi situdiyo ya zithunzi pa Mponela. M'situdiyomo munali jekete imodzi, tayi imodzi, ndi telefoni yofiira yopanda chingwe. Kumbuyo kunali chinsalu chojambulidwa nyumba zosanja ndi ndege ikuuluka. Mnyamata wochokera kumunda wa fodya ankavala jeketeyo, n'kugwira telefoni kukhutu, n'kutumiza chithunzi kwa chibwenzi. Boma lonse la Dowa linajambulitsa ndi jekete imodzimodziyo. Madala anaikonda nkhaniyi kwambiri, moti ankandiuza kuti ndiibwereze akakhala kuti adzuka ndi msana.

"Bambo ako ndi bambo anga akanamwera limodzi," ankatero. "Ntchito yawo inali imodzi."

Dzina litakula, mmisiri uja anasamukira ku London. Anasunga ndevu zosongoka, anagula jekete ya veleveti, n'kuphunzira kuyankhula ngati anthu a m'nyumba zachifumu. Chiyankhulo cha kwawo chinkangotulukira akapunthwa chala kapena penti ikatayika. Kumeneko anajambula ana aakazi a anthu a maudindo, akazi a nduna, azisudzo. Anthu ankalembetsa n'kumadikira miyezi. Ankadziwa kucheza: mayi akakhala pampando ankamufunsa za ana, za agalu, za mnzake amene amadana naye, mpaka nkhope imasuke, iye burashi ikuyenda.

Kenako kunabwera nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija. Amayi anayamba kubwera ndi ana awo aamuna atavala yunifomu, kuti ajambulidwe asananyamuke. Patapita nthawi amayi ena ankabwera okha, atanyamula kachithunzi kakang'ono ka kamera m'chikwama, n'kumafotokoza pakamwa mtundu wa maso ndi tsitsi. Madala atafika pamenepa ananena kuti pa anyamata amenewo bambo awo sanatalikitse khosi la aliyense, ndipo zithunzi zimenezo ndi zokhazo zimene sankafuna kuzikamba. Atatero anandifunsa ngati phala lapsa, nkhani n'kuthera pomwepo tsiku limenelo.

Nkhondo itatha zinthu zinatembenuka. Makamera anachuluka. Kunabwera achinyamata ojambula nkhope zokhota, diso lina pamwamba lina pansi, ndipo a nyuzipepala ankawatama, n'kumanena kuti mkulu uja ndi wophika makeke chabe. Mkazi wake woyamba anamwalira. Anabwerera ku Birmingham ndi jekete yake ya veleveti itayamba kutha m'zigongono, n'kumajambula mameya, akuluakulu a mipingo ndi mahatchi. Kumeneko analemba ntchito mtsikana wina woti azitsuka maburashi. Popeza amayi olemera analibe chipiriro chokhala pampando mpaka manja ajambulidwe, mtsikanayo ankavala mphete zawo n'kukhala m'malo mwawo. Mapeto ake mmisiriyo anamukwatira, imvi zili mbuu, ndipo mtsikanayo ndiye anali mayi awo a madala.

"Ndiye kuti manja aja pansipa..." ndinatero.

"Ndi a mayi anga. Ndipo anali ndi pakati pa ine nthawi imeneyo. Ukayang'anitsitsa, nanenso ndilimo."

Nkhani ya mayi wobiriwira uja anaisunga mpaka tsiku lina la mvula, ine ndikuwameta ndevu. Akuti anali mkazi wa mwini fakitale ya ndowa, ndipo inali ntchito yaikulu yomaliza imene mmisiriyo anaipeza. Mayiyo ankabwera mochedwa, atanyamula chitini cha mabisiketi, n'kumadya ali pampando, uku akulamula: apa muchepetse, apa muwalitse, mundijambule ngati mwana wa mfumu uja munamujambula ku London. Mkulu uja anali atakalamba, mawondo akuwawa, ndipo tsiku lina anangosiya kuyankha n'kuyamba kujambula zimene maso ake ankaona. Sankalola munthu kusuzumira ntchito isanathe, choncho palibe anadziwa.

Tsiku loonetsa chithunzi anakonza phwando, anaitana anzawo onse a mafakitale ndi akazi awo. Nsalu itachotsedwa, m'chipinda monse munangoti zii. Ndiye mwamuna wake, munthu wosadziwa kunama, anaomba m'manja n'kufuula kuti, "Koma ndiwe ndithu, mayi! Ngati ulankhula!"

M'mawa mwake chithunzi chinabwezedwa pangolo. Mbiri inawanda kuti mkulu uja wayamba kujambula anthu monga alili, ndipo palibenso mayi wolemera amene anaponda pakhomo pake. Zaka zake zomaliza ankapenta zikwangwani za malo omwera mowa: mikango yofiira, akalonga, nkhandwe. Madala ankati bambo awo sanadandaule kwenikweni, ankabwera kunyumba akuimba, atanunkha penti ndi mowa, n'kumati mkango sufunsa kuti uchepetsedwe chiuno. Chithunzicho chinakhala cha pabanja. Ankachitcha azakhali. Pa nkhondo yachiwiri, atalamula kuti usiku kuwala kusamatuluke m'nyumba, azakhaliwo ndi amene ankatseka zenera la pabalaza. Banja likasamuka, ankayamba ayeza kaye chitseko cha nyumba yatsopano.

Ndinawasamalira madalawo chilimwe chonse ndi dzinja lotsatira. Kenako miyendo inayamba kukana masitepe, ndipo iwo ndi mwana wawo anagwirizana kuti asamukire ku nyumba yosamalira okalamba. Sanavute. Vuto linali azakhali. Kuchipinda chatsopanocho sakanalowa. Mwana wawo ankakhala m'kafulati. A kumalo osungira zakale anayankha mwaulemu kuti zithunzi za mmisiri ameneyo ali nazo kale zingapo m'chipinda chapansi, ndipo nazonso sizionetsedwa.

"Bab," anatero madala, ine ndikulongedza malaya awo, "kawasunge azakhali kwanu mpaka apezeke wowafuna. Sadya zambiri masiku ano."

Ife a kheya sitiloledwa kulandira mphatso, choncho ndinakafunsa kwa manejala. Anandiyankha kuti pa zaka zonse zimene wagwira ntchitoyi palibe anamupemphapo chilolezo chosunga azakhali a munthu, koma poti n'kusunga chabe ndipo mwana wawo wavomera, ndipite.

Amene anatinyamulira anali m'bale wina wa ku Chipata amene tinkapemphera naye, mwini vani yonyamula katundu. Atachiona anavula kapusi.

"Alongo, simunanene kuti ni munthu wathunthu."

Tinachikulunga m'mabulangete, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati tanyamula mkwatibwi. Pa Cape Hill vani inaima pa maloboti, bulangete linatsetsereka, ndipo ana a sukulu amene anali m'basi ya kumbuyo kwathu anayamba kuwabayibitsa azakhali pagalasi.

Kunyumba tinachiimika pabalaza kuseli kwa sofa, chopendekera pang'ono chifukwa denga lathu linali lalifupi kuposa la ku Oldbury. M'nyumbamo ndinkakhala ndi nesi wina wa ku Zomba, mayi wamkulu kwa ine amene ndinkawatcha achemwali, pamodzi ndi ana awo awiri. Ana aja anangoyang'ana kamodzi, n'kunena m'Chingerezi kuti mayiyo akufanana ndi ahedi a kusukulu kwawo, basi n'kubwerera ku matabuleti awo. Achemwali ndiwo sanagwirizane nazo msanga.

"Iwe, maso awa akunditsatira. Ndikapita ku friji ali pa ine, ndikabwera ku hita ali pa ine. Munthu ungadye bwanji chonchi?"

Anaitanitsa amayi abusa kuti adzapemphererepo. Amayi abusa anabwera Lamulungu titaweruka, anachizungulira, anagogoda feremu ndi chala, kenako anapereka foni yawo kwa ine.

"Tandijambulani kaye apa, mwanawe. Koma sofayo isaoneke."

Kuyambira tsiku limenelo pabalaza pathu panasanduka pojambulira. Amayi a kumpingo ankabwera atatchena, wina ndi chipewa, wina ndi nsapato zazitali zimene ankavalira pakhomo, n'kuima pambali pa feremu yagolide ija, dzanja lili pachiuno. Zithunzi zinkapita ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Lusaka. Mtsikana wina anabwera akudandaula kuti kwawo amva kuti wagula nyumba yachifumu, ndipo amalume ake akufuna awagulire chigayo. Wina anafunsidwa ngati wakwatiwa ndi mzungu, ndipo ngati awo ndi apongozi, bwanji akuoneka osakondwa naye.

Mayi anga ndinawaonetsa pa vidiyo. Anayandikitsa nkhope pafoni mpaka ndinkangoona mphumi yokha.

"Amenewo ndani?"

"Ndi chithunzi, amayi. Cha bambo awo a madala amene ndinkawasamalira aja."

"Bambo awo ankavala diresi?"

"Ayi, ndi amene anajambula."

"Ooo. Koma mayiyo ngwokhuta. Kumeneko anthu amadya eti. Iwe bwanji sukunenepa choncho?"

Azakhali anakhala nafe miyezi ingapo, mpaka achemwali anazolowera n'kumawatsanzika popita ku shifiti. Nthawi yonseyi mwana wa madala uja anali ataika chithunzi chawo pa tsamba lina la pa intaneti la anthu okonda mbiri yakale ya dera lino, n'kulembapo zimene ankadziwa za fakitale ya ndowa. Tsiku lina anandiimbira kuti pali mayi wina wa ku Nechells amene akuti mwina azakhaliwo ndi agogo a mayi ake, ndipo akufuna kudzaona Loweruka.

Loweruka belu linalira, ine ndi achemwali tinapita limodzi kukatsegula. Pakhomo panaima mayi wa zaka za m'ma fifite, atavala jekete ya mvula ndi nsapato zothamangira, ali ndi maso otopa ndi chibwano chosanjikizana katatu. Achemwali anangoti "Mayo ine," n'kuthawira kukhitchini, ndipo ndinamva akutsegula mpopi mwamphamvu kuti kuseka kusamveke. Ine ndinaluma mlomo n'kumulowetsa mlendo.

Anaima patsogolo pa chithunzicho osavula n'jekete yomwe. Anayang'ana, n'kuyang'ana. Kenako anagwira chibwano chake ndi dzanja.

"Ndiye ndi inu," anatero, akuuza chithunzicho. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikufunsa kuti anandipatsa ichi ndani."

Anaseka, ife n'kupezerapo mwayi woseka nawo, achemwali n'kutuluka kukhitchini akupukuta maso. Koma mlendoyo kuseka kwake kunasanduka misozi pang'ono, ndipo tinamukhazika pa sofa n'kumupatsa tiyi ndi mandasi. Anatiuza kuti iye amaphika chakudya cha ana pa sukulu ina ya pulayimale. Chuma cha ndowa chinatha iye asanabadwe, pamene panali fakitale pano amagulitsapo matayala. Chimene chinatsala m'banja mwawo ndi nkhani yokha, yakuti kalekale wojambula wina wamwano ananyoza agogo awo powajambula ngati nkhumba. Palibe anali atachionapo chithunzicho.

"Koma si nkhumba iyi," anatero. "Ndi ine Lolemba m'mawa."

Ndinamuuza za manja aja, kuti ndi a munthu wina. Anatambasula ake, akuluakulu, ofiira ndi madzi otsukira mapoto, n'kuwayerekeza ndi a pachithunzi.

"Ndimadabwa," anatero. "Kwathu kulibe wa manja otero."

Ankakhala m'fulati ya lendi ya khonsolo ya mzinda, m'nyumba yosanja. M'bale wa ku Chipata uja anabweranso ndi vani yake. Mu lifiti, chikepe chokwezera anthu, azakhali anakana kulowa, choncho tinakwera nawo masitepe, ife atatu ndi anyamata awiri a pamenepo amene anatithandiza, tikupuma pa kona iliyonse, anthu akutsegula zitseko kudzaonerera. Gogo wina wa ku Jamaica anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mayi uja, n'kumufunsa kuti anajambulitsa liti ndipo diresiyo anaigula kuti.

Sabata yotsatira mayiyo anandipempha kuti ndimuperekeze kwa madala, akathokoze. Tinawapeza m'chipinda chochezera, ali pampando wa pawindo, bulangete lili pamiyendo, akuwodzera. Ndinawagwira paphewa. Anatsegula maso, anandiona ine, kenako anaona amene anali kumbuyo kwanga. Anavala magalasi mosafulumira.

"Azakhali," anatero, "mwabwera wapansi?"

Mayi uja anaseka mpaka wantchito wina anasuzumira pakhomo. Mayiyo anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Madala anamufotokozera za chitini cha mabisiketi ndi za phwando lija, iye n'kumati agogo akewo ayenera kuti anali ovuta ngati mayi ake. Anapepesana mwanthabwala m'malo mwa akufa. Posakhalitsa anatulukira kuti amachemerera matimu a mpira odana, ndipo mkangano umene unabuka pamenepo unali woti ine sindikanaulowerera. Ndinawasiya akuwerengerana zigoli za zaka zimene ine ndinali ndisanabadwe, n'kuthamangira basi, chifukwa madzulo amenewo ndinali ndi shifiti ku West Bromwich.

Mayiyo anapitiriza kukawaona Lamulungu lililonse, atanyamula makeke otsala kusukulu, mpaka madala anamwalira chaka chotsatira masamba akuyoyoka. Kumaliro tinakhala benchi imodzi, ine, iye ndi achemwali, ndipo pobwerera anatigulira tchipisi pa Cape Hill, tinadyera m'galimoto mwake mvula ikugwa.